Mapaundi Sikisi a Corwin Dudek

Ndaphunzitsa ana mpira zaka 26 pa Orvale pano, ndipo chimene ndachiona n'chakuti refa ukhoza kukangana naye, makolo ukhoza kuwanyengerera, koma sikelo ilibe mnzake. Imangotchula nambala yake basi.

Ligi yathu ndi ya ana a zaka 10 mpaka 12. Mpira wake ndi wogundana uja, wa zisoti ndi zotchinga pamapewa, ndiye pali malamulo oti ana asaphane. Mwana aliyense amakwera pa sikelo ola limodzi masewera asanayambe, ndipo akapitirira mapaundi 140, tsiku limenelo sasewera, kuopa kuti angathyole anzake ang'onoang'ono. Lamulo lina n'lakuti timu iziyamba ndi ana osachepera 13 odutsa pa sikelo. Akapanda kukwana, mwagonja musanalowe n'komwe m'bwalo. Timu ikagonja mwanjira imeneyi katatu m'chaka chimodzi, imafufutidwa mu ligi.

Chaka chathachi ife tinali titagonja choncho kawiri. Koyamba chinali chimfine chimene chinagoneka ana anayi. Kachiwiri banja lina linasamukira ku Carolina ndi ana awiri amapasa osatsanzika n'komwe. Kunatsala masewera amodzi, a Loweruka lomaliza la Okutobala, ndi timu ya ku Westmere, ndipo ana ndinali nawo 13 ndendende.

Inu, zinthu zimasintha. Fakitale ya magalasi isanatseke, ana ankabwera 60 tsiku loyamba, ine n'kumasankha, ena n'kumabwerera akulira. Masiku ano ndine ndimayenda khomo ndi khomo ngati wa mpingo, kupempha ana a eni. Timu imeneyi ndinaisewera ndili mwana, bambo anga anaiseweranso. Pa Orvale tinataya fakitale, tinataya banki, sukulu ya sekondale anaiphatikiza ndi ya kwina. Chimene chinatsala cholembedwa dzina la tauni yathu chinali majezi obiriwira a ana amenewa. Sindinkafuna kuti chifere m'manja mwanga, ndipo ndinkachita mantha kwambiri.

Lachiwiri tisanayambe zokonzekera ndinawakweza onse pa sikelo yathu m'kashedi kosungiramo katundu. Amene ankawerenga manambala anali alamu anga a Duane, mchimwene wa mkazi wanga, amene akhala akundithandiza zaka 15 koma mpaka lero sadziwa kuimba wezulo. Ana khumi ndi awiri anadutsa bwinobwino. Womaliza anali Corwin Dudek.

"146," anatero a Duane.

"Tsika ukwerenso."

Anatsika n'kukweranso.

"146."

"Vula nsapato, iwe."

"Ndavula kale, a Kochi."

"Alamu," anatero a Duane, "sikeloyi mukaikwera inu imanena zoona, akaikwera mwanayu yayamba kunama?"

Ndinamuyang'ana mwanayo kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Iwe Corwin, wameza chiyani? Mu Ogasiti unali 137. Sabata zitatu zapitazi unali 139."

"Ndangokula, a Kochi. Amayi akuti ndikagona amamva mafupa anga akutalika."

Anzake anaseka, iye naye n'kuseka. Corwin anali ndi zaka 11. Sanali wonenepa ayi, anali wamkulu thupi basi, mapewa otambalala, manja ngati mafosholo. Ndiye ankaima pakati pa mzere, kuwerama n'kupereka mpira kudzera pakati pa miyendo kuti sewero liyambe. Mwana wofatsa zedi. Akagwetsa mnzake ankamudzutsa n'kumupepesa, ine n'kumakalipa kuti kuno si kutchalitchi. Ndipo ankandimvera. Ndikanati lowa m'moto, akanafunsa kuti ndi nsapato kapena ndivule.

Ana atatuluka, a Duane anatseka chitseko cha shedi.

"Zatha basi, alamu. Imbirani a ligi."

"Palibe chatha. Mapaundi sikisi, masiku anayi."

"Mukuganiza za thumba?"

"Inu simunavalepo?"

"Ndinavala. N'chifukwa chake ndikufunsa."

Za thumbazi aliyense amene anasewera mpira pa Orvale amazidziwa. Mphunzitsi wathu, malemu Bambo Verba, ankatenga thumba lakuda lapulasitiki lotayira zinyalala, kuboola pa mutu ndi pa mikono, kukuveka mkati mwa jezi, n'kukuthamangitsa pa masitepe a owonerera mpaka thukuta lidzaze m'nsapato. Tsiku lokwera sikelo ankakupatsa chingamu ndi kapu kuti uzilavuliramo malovu. Ine ndinachotsa mapaundi asanu choncho ndili ndi zaka 12, ndipo ndakhala ndikuinena nkhani imeneyi monyada m'maukwati ndi m'maliro momwe.

"Mwana wa eni ake uyu," anatero a Duane. "Masiku ano zimenezi amaletsa."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, alamu. Amene analemba zoletsazo ali ndi ana 40 pa benchi. Ife tinavala tonse, alipo anafa?"

A Duane anangokanda m'mutu. Ndi anthu abwino, koma kukana kwawo sikukhalitsa. Titamaliza zokonzekera ndinamuitana Corwin pambali n'kumufotokozera zonse mosabisa, kuti akapanda kudutsa pa sikelo Loweruka, timu ya Orvale yatha. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Mwana wa zaka 11 ndinamusenzetsa tauni yonse, ndipo panthawiyo ndinkaona ngati ndikumupatsa ulemu.

"Buledi ayi, zakumwa zotsekemera ayi, mbatata ayi. M'mawa dzira limodzi, masana apozi, madzulo kanyama ka nkhuku. Madzi pang'ono chabe."

"Chabwino, a Kochi."

"Ndipo amayi ako asadziwe. Angade nkhawa pachabe."

Amake Corwin, Mayi Renata Dudek, amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kuyambira 2 koloko masana mpaka usiku. Bambo ake anapita kukagwira ntchito ya mapaipi kumadzulo zaka zinayi zapitazo, ndipo njira yobwerera anaiiwala. Chakudya amake ankamusiyira mu firiji. Corwin anandiuza yekha kuti azikapatsa galu wa oyandikana nawo kuti mbale izipezeka yopanda kanthu. Ndinamuyamikira kuti ali ndi nzeru.

Lachitatu ndinamuveka thumba. Anzake akuphunzira masewero m'bwalo, iye ankakwera ndi kutsika masitepe, pulasitiki ikuchita phokoso mkati mwa jezi. Kunali mphepo yozizira yochokera kumtsinje, koma iye nthunzi inkatuluka m'khosi. Titamuvula thumbalo madzi anachita kuyenderera pansi. Sikelo inati 144. Ndinamumenya paphewa, iye n'kumwetulira.

Lachinayi ndi pamene ndinachita chinthu chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero. Bambo Verba ankakonda kutiyesa, ndiye nane ndinati ndimuyese. Ndinagula bokosi la madonasi n'kuwapatsa a Duane kuti agawire ana pa nthawi yopuma, ine n'kubisala kuseri kwa shedi. Ana analimbirana ngati nkhuku. Corwin anakhala patali, chisoti chili pamaondo.

"Tenga limodzi, mwana iwe," anatero a Duane. "A Kochi apita kugalimoto. Limodzi silingakuphe."

Corwin anayang'ana bokosilo nthawi yaitali. Ndinaona akumeza malovu.

"Ayi, zikomo, Bambo Duane."

"Anena okha a Kochi kuti lero ukhoza kudya."

"Ayi, zikomo."

Ndinatulukira ndikuwomba m'manja. Ndinaitana ana onse kuti azungulire, n'kumuimika Corwin pakati. Ndinawauza kuti mwamuna ndi ameneyu, kuti m'zaka 26 sindinaonepo mtima ngati umenewu. Kenako ndinamugwira mapewa onse awiri n'kumuyang'ana m'maso.

"Tamvera, Corwin. Aliyense amene angakuuze kuti idya, dziwa kuti akukuyesa. Kaya ndi a Duane, kaya ndi amayi ako, kaya ndine ndemwe. Ngakhale ineyo ndibwere ndikulira, ndikupatse chakudya m'manja, ukane. Wamva?"

"Ndamva, a Kochi."

Maso ake ankawala. Sindikudziwa ngati panali mwamuna wina amene anamuyamikirapo choncho pamaso pa anthu. Tsiku limenelo sikelo inati 143.

Lachisanu inati 142 ndi theka. Thupi linali litayamba kuumira madzi. Milomo yake inali itang'ambika, ndipo anandiuza kuti aphunzitsi amudzutsa kawiri m'kalasi. Ndinamuuza kuti kwatsala tsiku limodzi.

Madzulo ake tili pa tebulo, mkazi wanga Rhoda anaika mpukutu wa matumba akuda pafupi ndi mbale yanga.

"Ndaupeza m'galimoto mwanu. Ndi lumo lometera."

"Ndimatolera zinyalala kubwalo."

"Lyle, ndakhala nanu zaka 33. Inu kutola zinyalala? Sokosi zanu zomwe mumazidumpha." Anakhala pansi. "Ndi mwana wa ndani?"

"Wa a Dudek."

"Renata akudziwa?"

Ndinapitiriza kudya.

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe, Lyle. Akanakhala wathu mukanalola?"

"Akanakhala wathu ndikanamuveka awiri."

"Ndikudziwa," anatero Rhoda. "N'chifukwa chake mwana wathu yemweyo amaimba foni pa Khirisimasi pokha."

Zinandipweteka, ndipo ndinakwiya chifukwa zinali zoona. Ndinakankha mbale n'kutuluka panja kukayang'ana matayala a galimoto amene analibe vuto lililonse.

Loweruka ndinakamutenga 9 koloko m'mawa. Amake anali atalowa ntchito ya m'mawa m'malo mwa mnzawo, ndipo anamuuza kuti afika kubwalo masewera ali mkati. M'shedi sikelo inati 141 ndi theka. Kukwera sikelo ya ligi kunali 12 koloko.

Tinamuveka thumba, pamwamba majuzi awiri ndi jekete langa. Tinamulowetsa m'galimoto yanga, kutseka mawindo, kuyatsa chotenthetsera mpaka pothera. Ndinamupatsa chingamu ndi kapu. Ine ndi a Duane tinaima panja tikumuyang'ana pagalasi, iye akutafuna, kulavula, kutafuna, kulavula. Magalasi anachita nthunzi, ndipo nthawi ndi nthawi ankapukuta ndi dzanja n'kutionetsa chala chachikulu kuti zili bwino.

"Alamu, zakwana," anatero a Duane patatha mphindi 40.

"Mphindi khumi zina."

Titamutulutsa anadzandira, n'kugwira chitseko. Kapu inali itadzaza kupitirira theka. Sikelo inati 140 ndi kakang'ono pamwamba. Ndinamukhazika pa ndowa n'kumumeta mpala. Tsitsi lake linali lambiri, lopotana, ndipo linagwera pansi ponse m'shedimo. Ndinamutuma kuchimbudzi kawiri. Sindinamukwezenso pa sikelo yathu, ndinkaopa.

Woyang'anira sikelo ya ligi ndi Mayi Gilchrist, amenenso ndi mlembi wa ligi, mayi wa magalasi apamphuno amene sanasekepo chiyambire. Amaika sikelo yawo pa thabwa pafupi ndi kakantini, makochi a matimu onse awiri ataima pambali. Ana a ku Westmere anadutsa 31, majezi atsopano, nsapato zofanana. Kenako athu. Corwin ndinamuika kumapeto kuti alavule komaliza.

Anakwera atavala kabudula ndi malaya okha. Manambala anavina pang'ono, n'kuima.

"139.6," anatero Mayi Gilchrist. Analemba, kenako anakweza maso n'kumuyang'ana mwanayo pamwamba pa magalasi. Anayang'ana mpala watsopanowo, milomo, maso olowa mkati. "Mwanayu ali bwino, Bambo Hutchko?"

"Ali bwino. Ndi mantha chabe a masewera."

"Uli bwino, mwanangu?"

Corwin anayang'ana ine kaye. "Ndili bwino, mayi."

Ana athu anakuwa n'kumukumbatira. Ine mtima unakhala pansi koyamba sabata yonse. Ndinamupatsa nthochi ndi botolo la madzi n'kumuuza kuti zatha, amwe. Anamwa theka la botolo, n'kukasanza kuseri kwa benchi. Nthochi ndinaipeza madzulo ili m'thumba la jekete langa, yosasenda.

Za masewerawo palibe chokamba. Ana a ku Westmere ankasinthana, otopa kutuluka, atsopano kulowa, pamene athu ankasewera mbali zonse osapuma. Pofika nthawi yopumulira tinali titagonja kale 27 kwa 0. Corwin ankapereka mpira mofooka, kawiri unagubuduka pansi, ndipo kamwana kochepa thupi kanamukankha n'kumugwetsa chagada. Ine ndinakalipa. Ndinamukalipira pamaso pa anthu onse kuti wagona, kuti adzuke, kuti ndikufuna mwamuna wa Lachinayi uja. Amake anali atafika, ataima pa mpanda ndi yunifolomu yawo ya kuntchito, ndipo anamva zonse.

Chigawo chachitatu mwa zigawo zinayi za masewerawo chili mkati, ana anafola pa mzere. Corwin anawerama n'kugwira mpira. Mnzake wa kumbuyo wolandira mpira anaitana manambala oyambitsira sewero, kuitananso, koma mpira sunabwere. Corwin anangopendekeka pang'onopang'ono n'kugwa chafufumimba pamwamba pa mpirawo. Palibe anamugunda.

Refa anaimba wezulo. Pofika ine, amake anali atalumpha kale mpanda. Tinamuvula chisoti. Khungu lake linali lotentha koma louma, lopanda thukuta ngakhale dontho. Mayi Dudek amagwira ntchito ndi okalamba, amazidziwa zimenezi. Anamutsina khungu la padzanja, khungulo n'kukhala chiimire osabwerera. Anaona mpala uja. Anandiyang'ana kamodzi kokha.

Ambulansi inamutenga. Ife tinatsala ndi ana 12, ndipo lamulo limangonena za poyambira, ndiye tinamaliza masewera. Tinagonja 41 kwa 0. Ndinene zoona, poti ndayamba kale kuulula: pamene wezulo womaliza ankalira, m'mutu mwanga munali mawu akuti tasewera, sanatifufute. Mwana ali m'ambulansi, ine ndikusangalala chamumtima. Ndimadzida ndikakumbukira.

Kuchipatala anamuika madiripu awiri n'kumugoneka tsiku limodzi. Ndinapita ndi Rhoda, koma amake anatuluka pakhomo la chipinda n'kunena kuti akugona. Ndinadikira kalata ya ligi, kapena apolisi. Sikunabwere kanthu. Corwin anauza madokotala kuti zonse anachita yekha, palibe anamutuma.

Mu Novembala tinali ndi msonkhano wa ligi wotseka chaka, m'holo ya ozimitsa moto ku Westmere. Ndinavala tayi. Nkhani yachitatu pa pepala inali ya Orvale. Mayi Gilchrist anaimirira n'kuwerenga kuti malinga ndi kaundula wa sukulu, chaka chamawa Orvale idzakhala ndi ana asanu ndi awiri okha a msinkhu wa ligi amene anasewerapo, choncho timuyi yaphatikizidwa ndi ya Westmere. Zisoti ndi zovala zonse ziperekedwe chaka chisanathe.

"Koma sitinagonje katatu," ndinatero. "Tinasewera. Munalemba nokha."

"Komiti inagamula zimenezi mu Seputembala, Bambo Hutchko. Tinaona kuti si bwino kukuuzani masewera ali mkati, mungafooke."

"Ndiye Loweruka lija..."

"Mukanasewera, mukanapanda kusewera, zinali chimodzimodzi."

Ndinakhala pansi. A Duane anandigwira bondo, ine n'kuchotsa dzanja lawo. Pobwerera, titafika pa mlatho, a Duane anati, "Madzi akatayika saoleka, alamu." Ndinawauza kuti akatchulanso mwambi wina atsika ayende wapansi.

Sabata yachiwiri ya Disembala, Loweruka masana, ndinali m'shedi ndekha ndikulonga zisoti m'makatoni. Kunja kunali chisanu, bwalo lonse mbuu. Ndinamva galimoto ikuima. Pakhomo panaima Mayi Dudek, manja ali m'matumba a jasi. Anali atatha, maso ofiira.

"A Kochi."

"Mayi Dudek. Lowani, kukuzizira." Ndinayamba kufunafuna mawu amene ndinakhala ndikuwakonza sabata zisanu ndi imodzi. "Ine ndimafuna ndibwere kwanu kuti..."

"Sindinabwerere zimenezo. Kupepesa kwanu sungani." Sanakweze mawu. "Ndikudziwa zonse. Galu wa a Pruitt, oyandikana nafe aja, ananenepa sabata imodzi, ndipo ine si mwana. Sindinakuneneni chifukwa iye anandilirira kuti ndikatero sadzandilankhulanso. Ndabwera chifukwa sakudya."

"Sakudya bwanji?"

"Sakudya. Dzira m'mawa, apozi masana, kanyama ka nkhuku madzulo. Mukuzidziwa zimenezi, si choncho? Amadziyeza akadzuka, akabwera kusukulu, asanagone. Sikelo ndinaitaya, anakapeza ina kwa mnzake. Ndamutengera kwa dokotala, ndamutengera kwa mayi wina wolankhula ndi ana. Onse amawayankha mwaulemu, 'Chabwino, zikomo,' n'kubwera kunyumba osadya. Ndalira, ndakalipa, ndagwada. Amangondiyang'ana ngati akundimvera chisoni." Anapukuta mphuno. "Munthu amene amamumvera ndi inu. Sindikufuna kukuonani, a Kochi, koma ali m'galimotomo. Kamuuzeni adye."

Anatulutsa m'jasi kapepala kokulunga sangweji ya nyama ndi tchizi, n'kundipatsa.

Ndinatuluka. Corwin anali pa mpando wakutsogolo, ndipo atandiona anatsika msanga n'kuima chilili ngati tili pa zokonzekera. Mayo ine. Jekete linkachita kulendewera pamapewa paja. Khosi linali litatalika, masaya atalowa, tsitsi likumera mwa apo ndi apo. Anali atatalikanso, mwina inchi yathunthu. Koma ankamwetulira.

"A Kochi, ndili pa 126."

"Corwin..."

"Chaka chamawa simudzavutika nane. Ngakhale nditakula bwanji, sindidzafika 140. Ndawerengera. Ndipo pepani za tsiku lija, ndinakuchititsani manyazi. Ndinayamba mochedwa, n'chifukwa chake. Ulendo uno ndayamba msanga."

"Tamvera, mwanangu. Chaka chamawa kulibe timu. Atiphatikiza ndi Westmere. Taona makatoniwo, ndikulonga zisoti. Zatha. Palibenso sikelo."

Anasuzumira m'shedi, n'kuona makatoni. Anagwedeza mutu pang'ono.

"Chaka chilichonse mumalonga zisoti mu Disembala, a Kochi."

"Ulendo uno zikupita. Ndikunena zoona. Ndinalakwa, Corwin. Zonse zimene ndinakuuza zinali zolakwika. Thumba lija, kapu ija, zonse. Ndine chitsiru cha munthu, ndipo ndinakupweteka. Thupi lako likukula, likufuna chakudya." Ndinamasula pepala lija. "Tenga. Idya. Ndine kochi wako, ndikukulamula."

Anayang'ana sangwejiyo nthawi yaitali. Ndinaona akumeza malovu. Kenako anayang'ana amake amene anaima pakhomo la shedi, n'kubwerera kwa ine. Misozi inali ikutsika pankhope panga, ine munthu amene sindinalire pa maliro a bambo anga. Ndinagwada pa chisanupo, bondo langa loipali likulira, n'kumuikira sangwejiyo pafupi ndi dzanja.

"Chonde, mwanangu. Sindikukuyesa."

Nkhope yake inawala, ngati mwana amene wapeza yankho la samu yovuta. Anabweza manja kumbuyo n'kuwongola msana.

"Munanena kuti mudzabwera mukulira," anatero motsitsa, kuti amake asamve. "Ayi, zikomo, a Kochi."

Anaima pomwepo akundiyang'ana, kudikira kuti ndiwombe m'manja.